Kanema amene asodzi athu sanamuonebe

Madzulo aliwonse, swala ya Isha ikangotha, m'nyumba zambiri za ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota maso onse amathera pa foni ndi pa TV. Timaonera ndewu za anthu ouluka m'malere, zikondi zosatha za ku India, ndi zamatsenga za ku Nigeria zomasuliridwa m'Chichewa ndi mnyamata amene sakumva n'komwe zimene osewerawo akunena. Akuluakulu ena atopa nazo, ndipo agamula kuti kanema aliyense ndi wotayitsa nthawi. Ife tikutsutsana nawo, monga tikutsutsananso ndi makolo amene amangosiyira ana rimoti n'kukagona. Alipo makanema a zochitika zenizeni amene banja la m'mbali mwa nyanja liyenera kuwakhalira pansi, ndipo woyamba ndi Darwin's Nightmare.

Anamujambula ndi Hubert Sauper wa ku Austria, ndipo anatuluka mu 2004. Nkhani yake ili ku Mwanza, m'dziko la Tanzania, m'mphepete mwa nyanja ya Victoria. M'zaka za m'ma 1950 m'nyanjamo munaponyedwa nsomba yachilendo yolusa, Nile perch, imene pa Chiswahili amati sangara. Inaswana, n'kuyamba kumeza tinsomba ta komweko, abale enieni a utaka ndi mbuna zathu, mpaka mitundu yambirimbiri inazimiririka. Sangara inabweretsa ndalama, sitikukana. Koma taonani kumene mnofu ukupita. Mafakitale amauchotsa bwinobwino n'kuukweza ndege zikuluzikulu zopita ku Ulaya, eni nyanja n'kutsala ndi mitu ndi minga, zimene amayanika pa mathandala mphutsi zikuyendayenda. Mayi aliyense amene anayanikapo usipa adzamva fungolo ngakhale ali kutali.

Kanemayu ali ndi zilema zake. Sauper anaonetsa ngati ndegezo zimabwera ndi zida zankhondo, koma umboni wogwirika sanauike poyera, ndipo mu 2006 Pulezidenti Jakaya Kikwete anamudzudzula kuti waipitsa dzina la Tanzania. Mulinso atsikana ogulitsa thupi ndi ana ogona mumsewu, choncho ana aang'ono asakhalepo. Koma kutha kwa tinsomba tija ngakhale boma lokwiyalo silinathe kukutsutsa.

Wina anganene kuti kuno sangara kulibe. Zoonadi kulibe, koma chambo cha m'nyanja ya Malombe chinatha ndi makoka athu omwe, popanda nsomba yachilendo. Lero maneti amene anatipatsa kuti titeteze ana ku malungo tikukokera tiana ta nsomba m'madoko, ndipo nyengo yotseka nyanja ikafika ena amangodikira kuti mdima ugwe. Chambo chabwino chimakwera galimoto kupita ku Lilongwe ndi ku Blantyre, mwana wa msodzi n'kudyera bonya. Tikamaona anthu a ku Mwanza akulimbirana mitu, tisafulumire kuwamvera chisoni ngati alendo.

Tikupempha makomiti a m'madoko ndi eni nyumba zoonetsera kanema kuti apatule usiku umodzi wokha, aitane asodzi, eni makoka ndi amayi ogulitsa nsomba, amuonetse. Mnyamata womasulira uja apatsidwe ntchito imeneyi, koma ulendo uno akhale pambali pa mkulu wodziwa Chiswahili, poti m'midzi yathu otere alipo ndithu.