Ntchentche yoluma kudimba imachokera pamulu wa manyowa

Alimi a madimba a m'mbali mwa Linthipe ndi Nathenje amaidziwa bwino ntchentche imene imabaya m'miyendo masana munthu akuthirira tomato. Ambiri akalumidwa amathamangira kunena kuti ndi kashembe. Mtima pansi. Kashembe, amene amafalitsa kaodzera, amakhala kufupi ndi nkhalango za nyama monga Kasungu, Nkhotakota ndi Vwaza, ndipo akatera amapinda mapiko limodzi pamwamba pa linzake.

Imene imativutitsa kuno imaoneka ngati ntchentche ya m'nyumba, koma mukaiyang'anitsitsa ili ndi kamlomo kolimba kosongoka kutsogolo. Imayamwa magazi. Ndi yomweyo imene imadya nsonga za makutu a agalu mpaka zilonda, ndi kupangitsa ng'ombe kumangoponda pansi m'malo modya. Palinso chimphanga, chachikulu ndi chamaso aakulu, chimene chimaswana m'matope a m'dambo. Chimenecho n'chovuta kuchithetsa, kuvala zotchinga thupi basi.

Koma ntchentche yaing'onoyi timaiweta tokha. Imaikira mazira m'udzu wonyowa wosakanikirana ndi ndowe ndi mkodzo, m'zotsalira za chakudya cha ziweto m'khola, ndi m'mulu wa manyowa umene tinangounjika pambali pa bedi n'kuuiwala. Kukatentha, dzira limasanduka ntchentche yoluma m'masabata awiri kapena atatu okha. Fukulani m'munsi mwa mulu wotere, mupeza mphutsi zoyera ndi tizikwa tofiirira.

Sitikunena kuti musiye manyowa, fetereza wadula chonchi. Sesani m'khola sabata iliyonse. Mulu muziutembenuza kuti utenthe mkati, chifukwa kutenthako kumapha mphutsi, ndipo muukwirire ndi dothi kapena pulasitiki yakuda. Ndowe zochepa ziyanikeni mopyapyala padzuwa. Zikauma, mphutsi sizikhalamo. Popita kudimba valani thalauzi ndi magambutsi, pakuti ntchentcheyi imakonda kuluma m'munsi mwa mawondo.

Chotidetsa nkhawa ndi mankhwala ophera tizilombo m'mbewu amene anthu amagula pa msika wa Mitundu n'kumapaka agalu kapena kupopera zovala. Amenewo ndi poizoni, amalowa m'thupi kudzera pakhungu. Za ziweto funsani alangizi a ziweto.

Polumidwa tsukani ndi sopo ndipo musakande. Pakatupa kwambiri, pakachita mafinya, kapena thupi likatentha, pitani ku chipatala cha Nkhoma, Mitundu kapena Nathenje. Ngati munapitako kufupi ndi nkhalango zija, muwauze adokotala.