Lekani kutcha ma function anu "calc2"

Anzanga olemba mapulogalamu, ndikudziwa muti wophunzira zinenero ngati ine asalowerere za database. Komatu kutcha chinthu dzina ndi nkhani ya chinenero, ndiye pano sindikhala chete.

Function ndi kawerengedwe komwe mumakasunga mu database kuti muzingokaitana ndi dzina, monga kowerengera chiwongoladzanja cha ngongole. Ambiri mumaganiza kuti makina akalola dzinalo, nkhani yatha. Malamulo a makinawo alipodi, ndipo amaluma. PostgreSQL imasunga mabayiti 63 okha a dzina, otsalawo imadula, choncho mayina awiri ataliatali oyamba mofanana amasanduka limodzi. Dzina lomwe simunalitsekere m'makoteshoni imalitembenuza kukhala la zilembo zazing'ono, ndiye WerengaNgongole ndi werengangongole n'chinthu chimodzi. Oracle inkalola mabayiti 30 okha mpaka mtundu wa 12.2 utabwera ndi 128. Microsoft imachenjeza kuti mu SQL Server musayambe dzina la procedure yanu ndi sp_, poti chiyambi chimenechi ndi cha ma procedure a SQL Server yeniyeniyo.

Koma makina sasamala tanthauzo. Amalandira calc2 ndi manja awiri. Wovutika ndi munthu amene adzalowe pampando wanu inu mutapita kwina. Adzapeza calc1, calc2 ndi calc_final_new, osadziwa kuti yowerengera chiwongoladzanja cha pamwezi ndi iti, ya pachaka ndi iti. Akasankha yolakwika, makina sadandaula, koma wobwereka ndalama amalipira zomwe sanakongole.

Ena mumati dzina lalitali limataya nthawi. Nthawi yanji? Mumalilemba kamodzi, anzanu adzaliwerenga kwa zaka. Ena mumati mufotokoza zonse mu comment. Comment imakhala pomwe function idalembedwa, pamene dzina limaoneka paliponse pomwe yaitanidwa.

Gwirizanani zochepa izi musanayambe ntchito: dzina liyambe ndi mneni, litchule chomwe likuwerengera, ndipo muyeso wake uoneke. werengera_chiwongoladzanja_pamwezi sifuna womasulira. Chichewa chimaloledwa, bola musiye apositirofi ya mu "ng'ombe", chifukwa mu SQL chizindikirochi chimatsegula mawu. Sankhani chinenero chimodzi, musachisinthe pakati panjira.

Kwathu mwana akatchedwa Mavuto kapena Tiyamike, ngakhale mlendo amamva zomwe zidali pakhomopo. Nanga calc2 ikumuuza chiyani amene adzagwire ntchito yanu?