Ananyozedwa ndi akatswiri anzake, koma kafukufuku wake akupulumutsa miyoyo

Achinyamata anzanga, amene mumakonda mpira mukukumbukira zomwe zinachitika pa 12 June 2021 mumzinda wa Copenhagen. Denmark ikusewera ndi Finland, Christian Eriksen anagwa mwadzidzidzi popanda womugunda. Mtima wake unali utasiya kupopa magazi. Madokotala anamutsitsimutsa pabwalo pomwepo, kenaka kuchipatala anamuika m'thupi kachipangizo kotchedwa ICD. Mu February 2022 anayambanso kusewera, ku timu ya Brentford ku England. Koma ndi angati a ife amene timadziwa munthu yemwe anayambitsa kachipangizoka?

Dzina lake ndi Michel Mirowski. Anabadwira ku Warsaw m'dziko la Poland mu 1924. Pokhala Myuda, anathawa kwawo ali mnyamata pamene asilikali a Hitler analowa m'dzikolo mu 1939, ndipo abale ake anaphedwa pa nkhondoyo. Anaphunzira udokotala ku Lyon m'dziko la France, kenaka n'kukagwira ntchito ku Israel. Mu 1966 mphunzitsi wake, Pulofesa Harry Heller, anamwalira mwadzidzidzi chifukwa cha kusokonekera kwa kagundidwe ka mtima. Imfa imeneyi ndi imene inamupatsa funso lomwe analimbana nalo moyo wake wonse.

Mtima uli ndi mphamvu yakeyake yamagetsi yomwe imauchititsa kugunda mwadongosolo. Mphamvuyi ikasokonekera, mtima umangonjenjemera osapopa magazi, ndipo munthu amafa m'mphindi zochepa. Makina obwezeretsa mtima m'malo mwake pougwedeza ndi magetsi analipo kale, koma anali aakulu ndipo ankapezeka makamaka m'zipatala. Mirowski anaganiza zowachepetsa kuti akhale m'thupi la wodwala, azimvetsera mtima usana ndi usiku, ndipo ukasokonekera aziugwedeza okha.

Mu 1968 anasamukira ku Baltimore m'dziko la America komwe anagwira ntchito ndi Dr Morton Mower pa chipatala cha Sinai. Awiriwa analemba za ganizoli mu 1970, koma mu 1972 katswiri wotchuka wa matenda a mtima, Bernard Lown, analemba m'magazini ya madokotala yotchedwa Circulation kutsutsa ganizolo. Thandizo la ndalama linali lovuta kupeza. Iwo sanafooke. Mu 1975 anaonetsa kuti kachipangizoka kakugwira ntchito pa galu, ndipo pa 4 February 1980, pa chipatala cha Johns Hopkins, Dr Levi Watkins anakaika mwa munthu koyamba. Boma la America linavomereza kachipangizoka mu 1985. Mirowski anamwalira mu 1990 ndi khansa.

Maganizo anga ndi akuti katswiri wa sayansi tisamuyeze ndi kuchuluka kwa mapepala amene walemba kapena kutchuka kwa anthu omuombera m'manja. Timuyeze ndi umboni umene wabweretsa komanso zimene umboniwo wasintha pa moyo wa odwala. Mirowski anatha zaka zoposa khumi akufufuza funso limodzi lokha. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Komabe tisamve molakwa. Si aliyense wotsutsidwa amene amakhala wolondola. M'misika ndi m'mabasi timakumana ndi anthu ogulitsa mankhwala omwe amati amachiza matenda onse, ndipo mukawafunsa amati madokotala akuwachitira nsanje. Mirowski sanayankhe omutsutsa ndi mawu otere. Anayesa ganizo lake pa nyama, kenaka pa odwala, n'kulemba zotsatira zake poyera kuti ena azifufuze okha. Lown naye sanali mdani, chifukwa kufunsa mafunso ovuta ndi mbali ya sayansi. Choncho wina akakuuzani za mankhwala atsopano, mufunseni kuti anayesedwa kuti, pa anthu angati, ndipo anaunika zotsatira zake ndani.

Ena anganene kuti kafukufuku wotere amapindulitsa olemera okha, poti ICD ndi yodula ndipo imafuna madokotala apadera. Dandaulo limeneli ndi loona. Koma kudula kwa chithandizo si chifukwa chonyozera amene anachitulukira. Ndi chifukwa chofunira kuti chifikire anthu ambiri. Ndiponso kachipangizoka amakaika mwa munthu amene ali moyo, ndipo amene mtima wake waima amayamba wapulumutsidwa ndi manja a omwe ali pafupi. Munthu akagwa, osayankha komanso osapuma bwino, itanani thandizo ndipo yambani kukanikiza pakati pa chifuwa chake mwamphamvu, maulendo 100 mpaka 120 pa mphindi.

Pempho langa kwa makalabu athu ndi lakuti tiitane ogwira ntchito zaumoyo a m'dera lathu adzatiphunzitse luso limeneli. Ndipo inu amene mumakonda maphunziro a sayansi kusukulu, limbikirani, ndipo zolowerani kufunsa umboni pa chilichonse chimene mwauzidwa.