Lipoti la wapolisi ndi umboni, tidziwe amene walilemba

Mu Disembala 2025, apolisi a m'tauni ya Heber City, m'boma la Utah ku America, adawerenga lipoti lonena kuti mnzawo wina wasanduka chule. Kukadakhala kwathu kuno, bwenzi nkhaniyi itakathera kwa amfumu. Koma za ufiti panalibe. Lipotilo idalemba ndi pulogalamu ya AI yomwe imamvetsera mawu ojambulidwa ndi kamera imene wapolisi amavala pachifuwa, ndipo pamalo pomwe panali wapolisiyo pankamveka filimu ya ana ya The Princess and the Frog. Makinawo adatola za m'filimu n'kuziphatikiza ndi zochitika zenizeni.

Anthu adaseka, ifenso taseka. Komatu chule ndi bodza loonekeratu, aliyense angaligwire. Chomwe chikutidetsa nkhawa ndi bodza lofanana ndi zoona.

Tisakane, vuto lomwe makinawa abwerera lilipo ndithu. Wapolisi akamanga munthu, ntchito yaikulu imayamba akafika pa siteshoni: sitetimenti ya wodandaula, ya mboni, ya woganiziridwa, mafomu, fayilo yopita kukhoti. Kampani ya Axon, yomwe imapanga mfuti zamagetsi za Taser ndi makamera a apolisi, imati ku America wapolisi angathe kuthera gawo lofika 40 pa 100 alionse a nthawi yake akulemba. Mu Epulo 2024 kampaniyi idatulutsa Draft One, pulogalamu yomwe panthawiyo inkagwiritsa ntchito GPT-4 Turbo ya OpenAI, ndipo imasandutsa mawu a m'kamera kukhala lipoti m'kanthawi kochepa. Wapolisi amangowerenga, kukonza ndi kusaina. Ndani angakane kuti wapolisi azikhala pamsewu osati pa desiki?

Koma chikomekome cha mkuyu. Akatswiri ena motsogozedwa ndi Ian Adams adayesa pulogalamuyi ndi apolisi a ku Manchester, m'boma la New Hampshire: ena adapatsidwa Draft One, ena adapitiriza kulemba okha. Zotsatira zomwe zidasindikizidwa mu 2024 zidaonetsa kuti nthawi yolembera lipoti sidatsike. Apolisi a ku Anchorage, Alaska, nawonso adaiyesa n'kuisiya pa chifukwa chomwecho. N'zosadabwitsa. Pulogalamuyi imamva zolankhulidwa zokha. Fungo la mowa, kunjenjemera kwa manja, mpeni womwe unali pansi pa mpando, zonsezi wapolisi ayenera kuonjezera yekha, kenako n'kuwerenga mzere uliwonse kufunafuna zomwe makina apeka.

Ndipo ngakhale nthawi ikadapulumuka, funso lathu likadatsalabe. Lipoti la wapolisi si kalata wamba ya mu ofesi. Woimira boma pa milandu amayambira pamenepo poganiza zozenga munthu mlandu kapena kumumasula. Pakapita miyezi, wapolisi amaliwerenganso kuti akumbukire asanalumbire m'khoti, ndipo loya wa woimbidwa mlandu amamupanikiza ndi mafunso pa liwu lililonse. Tsono wapolisiyo akanena kuti "mawu awo si anga, adalemba ndi makina," mlandu uyenda bwanji? Choopsa kwambiri n'chakuti munthu wotopa, yemwe wagwira ntchito usiku wonse, akawerenga nkhani yolembedwa bwino amayamba kuikhulupirira, mpaka zomwe adaona ndi maso ake zimasungunukira mu zomwe wawerengazo.

Mu Seputembala 2024, ofesi yozenga milandu ya King County, komwe kuli mzinda wa Seattle, idauza apolisi kuti sidzalandira malipoti olembedwa ndi AI. Idapereka chitsanzo cha lipoti lina looneka labwinobwino koma lotchula wapolisi yemwe sadalipo n'komwe pamalopo. Mu Julayi 2025, bungwe la Electronic Frontier Foundation lidapeza kuti Draft One sinkasunga zolemba zake zoyambirira, kotero panalibe njira yosiyanitsira mawu a makina ndi a wapolisi. Ku Britain nako, apolisi a West Midlands adaika m'lipoti lawo masewero a mpira a West Ham ndi Maccabi Tel Aviv omwe sadachitikepo. Adapeka ndi Microsoft Copilot, ndipo mkulu wa apolisiwo, a Craig Guildford, adachoka pa udindo mu Januwale 2026.

Boma la California tikuliyamikira. Lamulo lake la SB 524, losainidwa mu Okutobala 2025, likuti lipoti lolembedwa mothandizidwa ndi AI lizinena poyera, wapolisi azisaina kuti waliwerenga, ndipo zolemba zoyamba za makina zizisungidwa. Apa ndiye poyambira. Ife tikuonjezera kuti makina apatsidwe ntchito zoumitsa khosi zomwe sizifuna lumbiro: kudzaza dzina ndi tsiku pa mafomu angapo nthawi imodzi, kufufuza fayilo, kukumbutsa tsiku la mlandu. Kufotokoza chomwe chidachitika kukhale kwa amene adaona.

Wina anganene kuti izi ndi za kunja, poti m'masiteshoni athu ambiri nkhani imayambira m'buku lolembamo zochitika la OB, yolembedwa pamanja. N'zoona, koma wapolisi aliyense wa foni yamakono angathe lero lomwe kuuza ChatGPT kuti imukonzere sitetimenti m'Chingerezi chabwino, popanda womuona. Vuto lathu ndiye lachita kuwirikiza: mayi amadandaula m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao, makinawa zinenerozi sadazidziwebe bwino, ndipo mayiyo amadinda chala pa pepala lomwe sangathe kuliwerenga. Dzina lake ndi zomwe zamuchitikira zimakhala zapita ku makompyuta a kampani ya kutsidya kwa nyanja, pomwe lamulo lathu loteteza zinsinsi za anthu la 2024 lilipo.

Tikupempha akuluakulu a polisi, ofesi ya mkulu wozenga milandu ya boma ndi makhoti kuti asadikire ogulitsa mapulogalamu afike pakhomo. Alembe malangizo tsopano: ntchito ziti AI ingagwire, ziti isakhudze, ndipo sitetimenti iliyonse yomwe yadutsa m'makina izilembedwa choncho pamwamba, zolemba zoyambazo zili m'fayilo momwemo kuti loya ndi woweruza azione.