Kukoka Msana Sikulimbitsa Mafupa

Anthu ambiri kuno ku Luangwa amadandaula za msana. Asodzi amacezera kupalasa bwato pa Zambezi, ena amasenza mitolo ya bango ndi kukhala cowerama tsiku lonse poluka mphasa. Tsono wina akapita ku Lusaka amabwerako ndi mbiri ya makina okoka msana, amene acipatala amati traction. Wodwala amamgoneka pa bedi, kummanga lamba m'ciuno, ndipo makina amamkoka kuti mafupa a msana atalikirane pang'ono. Koma akangoimirira, mafupa aja abwerera m'malo mwake.

Ine nditi musataye ndalama zanu. M'caka ca 2013 gulu la Cochrane linapenda kafukufuku 32 ndipo linapeza kuti kukoka kuthandiza pang'ono cabe, mwinanso osathandiza konse. Mu 2023 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza kuti njirayi isamagwiritsidwe nchito pa msana wowawa kwa nthawi yaitali.

Nanga mafupa? Fupa limalimba pamene lisenza thupi la mwini wake. Kukoka sikuonjezerapo kanthu. Kale odwala anali kugonekedwa masabata angapo atawamangirira zitsulo zolemera, pamene munthu akagona motero mafupa amayamba kutaya calcium.

Condiopsa ine ndi fupa limene linafooka kale. Amai amene analeka kusamba, nkhalamba, ndi akumwa mankhwala monga prednisolone kwa miyezi yambiri, mafupa ao amakhala opepuka ngati cisa ca ciswe. Koposa apo pali TB ya msana, imene imadya fupa mwakacetecete. Msana wotere mukaukoka, kaya ndi makina kaya ndi abale kunyumba, ungathe kuthyoka n'kupana mitsempha, munthu osayendanso. N'cimodzimodzi aja amauza mwana kuti awaponde pamsana.

Ngati msana uwawa usiku, muonda, mutuluka thukuta pogona, miyendo icita dzanzi, kapena mkodzo ukuvutani, musacedwe. Pitani ku cipatala ca Katondwe kapena ca pa boma akakupimeni, ndipo ngati kufunika akakujambuleni. Mankhwala a TB ndi aulere, koma a msana amamwedwa nthawi yaitali kuposa a m'cifuwa, motero musalekeze panjira.

Amene mulibe zizindikiro izi, musagone. Yendani pang'onopang'ono tsiku lililonse, mtolo wa bango muugawe pawiri, ndipo kapenta muzidya pamodzi ndi minga yake.