Musanachotse Gmail, password muidziwa?

Mwatumiza CV, ba HR akuuzani ati yankho izabwera pa email, manje Gmail yangoti zii. Mukaitsegula izungulira chabe, nthawi zina itsekeka yokha. Mnzanu mu komboni azakupatsani mankhwala amene onse adziwa: ichotseni, muikemo futi. Nthawi zina isebenza, zoona. Koma chala chiyembekeze pang'ono, bane. Password muidziwa?

Ambiri a ife email anatitsegulira munthu wina, mwina mnyamata amene anatigulitsa foni mu town, mwina wa pa cafe. Foni ndiye isunga password, mwini wake anaiwala kudala. Outlook na Yahoo Mail mukaziika futi zizaifunsa. Gmail nayo izaifunsa ngati mwachotsa account ya Google mu foni. Mukati mwaiwala, code ipita ku nambala imene inalembedwa tsiku lija. Ngati SIM ija inasowa, nambala ingakhale ili na munthu wina manje, ndipo ma payslip na ma certificate amene munasunga mu email akhala kuseri kwa chitseko chimene simungatsegule.

So choyamba tsegulani Chrome, sankhani Incognito, mulowe pa gmail.com na password yanu. Ikakana, konzani password na nambala pamene foni ikali kukudziwani. Ikavomera, yang'anani inbox. Ngati ma email atsopano alimo, vuto ili mu app. Ngati mulibe, ngakhale muchotse app ka 10 palibe chizasintha.

Kambiri apa nkhani ni malo. Google ipatsa 15 GB yaulere, ndipo Gmail, Drive na Google Photos zidyera mbale imodzi. Kuyambira 2024 backup ya WhatsApp pa Android nayo idyera momwemo, pamodzi na ma video onse a ku kitchen party amene simunaonereko. Malo akadzala simungatumize, simungalandire, ndipo email imene akutumizirani ibwerera kwa mwini wake. Chepetsani ma video, mukhuthule na Trash, chifukwa zimene zili mu Trash zikali kudya malo mpaka masiku 30. Mukatsiriza tumirani foni ba HR muwapemphe atumize futi. Osachita manyazi, nchito siyembekeza munthu.

Ngati vuto ili mu app, yambani na zing'onozing'ono: Sync ili on? Tsiku na nthawi pa foni zili bwino? Foni yeniyeniyo siinadzale? Zikakhala bwino, pitani ku Settings, Apps, Gmail, Storage, mutinike Clear cache. Ikakana, Clear data. Ma email sasowa, akhala kwa Google, koma amene akali mu Outbox osapita angasowe, so akopereni penapake.

Pa mafoni ambiri a Tecno, itel na Samsung batani ya Uninstall pa Gmail simuzaiona, chifukwa inabwera na foni. Chimene chilipo ni Uninstall updates, kambiri pa timadontho titatu pamwamba. Ibweza app mmene inalili foni ili yatsopano, ndiye mupite ku Play Store muchite update. Ngati ku nchito kuli Wi-Fi chitirani kumeneko, bundle siichokera mu mtengo.

Imwe a mu ofesi amene musebenzesa Outlook pa kompyuta, nkhani yanu ni ina. Mukachotsa Office, profile yanu na ma file a email zitsala mu kompyuta. Mukaika futi, Outlook ipeza profile ija yowonongeka n'kuitenganso, vuto ibwera mmene inalili, imwe mwataya hafu ya tsiku. Thunderbird nayo ichita chimodzimodzi. Njira yachidule ni kupita ku Control Panel, Mail, Show Profiles, mupange profile yatsopano. Kambiri simufunika na kuchotsa komwe pulogalamu.

Koma musanafufute chilichonse, funsani ba IT ngati account yanu ni IMAP kapena POP. Pa IMAP ma email akhala pa server, azabwera okha. Pa POP angakhale ali mu kompyuta iyo chabe, mu file imene dzina lake itsiriza na .pst, kambiri mu Documents, mu folder ya Outlook Files. Tsekani Outlook, mukopere file iyo pa flash, muone kuti kukula kwake kulingana na ija ya mu kompyuta. Ndiye mungayambe kuchotsa.