Timu ikagonja masewero awiri oyamba, tisathamangire kuloza wonyanyala

Chaka chilichonse mwezi wa July ukamatha, nkhani za NFL, ligi ya mpira wa ku America uja wovala zisoti ndi kugundana, zimadzaza ndi mayina a osewera amene akana kupita ku kampu. Anzawo ayamba kale kuthamanga padzuwa, iwo ali phee kunyumba kudikira kuti eni timu awonjezere ndalama pa kontirakiti. Kunena mwachidule, anyanyala. September akafika masewero n'kuyamba, timu ikangogonja kamodzi kapena kawiri, masapota ndi atolankhani amakhala apeza kale womuloza chala. Ine ndikuona kuti chalacho kawirikawiri chimaloza kolakwika, ndipo zotsatira za masabata awiri oyamba sizinena zambiri monga momwe anthu amafunira kuti zinene.

Nkhani imene aliyense amaitchula pa mkangano umenewu ndi ya Emmitt Smith. M'chaka cha 1993 timu ya Dallas Cowboys inali itangotenga chikho cha Super Bowl, ndipo Smith, amene ntchito yake inali kuthamanga ndi mpira m'manja kupyola khoma la adani, anakana kusewera chifukwa mwini timuyo, Jerry Jones, amamupatsa ndalama zimene iye amati n'zochepa. M'malo mwake anaikamo mnyamata wongobwera kumene, Derrick Lassic. Dallas inagonja kwa Washington 35-16, kenako kwa Buffalo 13-10 pakhomo pake. Charles Haley, mmodzi mwa akuluakulu a timuyo, anapsa mtima mpaka kumenyetsa chisoti kukhoma m'chipinda chovalira. Pasanathe sabata Jones anafewa, n'kupatsa Smith kontirakiti ya zaka zinayi ya madola opitirira 13 miliyoni. Dallas inamaliza sizoni itapambana masewero 12 n'kugonja anayi okha, inatenganso Super Bowl pogonjetsa Buffalo yomwe ija 30-13, ndipo Smith anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligi komanso pa fainoloyo.

Ndi nkhani yokoma, ndipo imakondweretsa mbali zonse ziwiri. Osewera amati onani, popanda ife simungapite patali. Otsutsa kunyanyala amati onani, munthu mmodzi anatsala pang'ono kuononga sizoni ya anzake. Koma taonaninso zigoli za masewero oyamba aja. Washington inagoletsa mapointi 35. Smith sasewera kumbali yotchinga, ndipo akanakhalapo tsiku limenelo, nthawi imene Washington inali ndi mpira iye akanakhala ali pabenchi. Masewero a Buffalo ndikhoza kuvomera kuti akanatha kuwasintha, poti kusiyana kunali mapointi atatu okha. Choncho pa kugonja kuwiri kumene kunalowa m'mbiri ngati mtengo wa kunyanyala, kumodzi kokha ndi kumene tingakuike pamutu pake, nako mokayikira.

Zaka 30 pambuyo pake zinachitikanso mofanana. Pa 7 September 2023 Kansas City Chiefs inatsegula sizoni pakhomo ndi Detroit Lions, pomwe Chris Jones, chimphona cha kumbali yawo yotchinga, anali chikhalire pakati pa oonerera atavala zovala wamba. Kamera inkabwerera pa nkhope yake pafupipafupi. Chiefs inagonja 21-20, ndipo nkhani ya mmawa mwake inali itadzilemba yokha. Koma mwa mapointi 21 a Detroit aja, asanu ndi awiri anachokera pa mpira umene Kadarius Toney anaulephera kugwira, unadumpha m'manja mwake n'kugwera Brian Branch amene anathamanga nawo mpaka kukagoletsa. Ndiye kuti mbali imene Jones amasewera inangolola mapointi 14, zomwe mu NFL ndi ntchito yotamandika. Amene anasowa kwenikweni usiku umenewo anali Travis Kelce, amene anali atavulala bondo, ndipo anthu a Patrick Mahomes ankangogwetsa mipira. Patapita masiku anayi Jones anasaina mgwirizano wa chaka chimodzi, osati wautali umene amafuna. Mu February 2024 Chiefs inatenga Super Bowl pogonjetsa San Francisco 25-22, ndipo mwezi wotsatira anamupatsa zaka zisanu za madola pafupifupi 159 miliyoni.

Tikafuna kuweruza ndi masewero amodzi, tiweruzenso chimodzimodzi pamene timu yapambana. Mu 2017 Aaron Donald sanasewere masewero oyamba a Los Angeles Rams atanyanyala kampu yonse, ndipo Rams inaswa Indianapolis 46-9. Palibe munthu wanzeru amene ananena kuti Donald ndi wosafunika. Sizoni yomweyo anasankhidwa kukhala wotchinga wopambana onse mu ligi.

Ndikumvetsa chimene chimachititsa mantha. Mu Premier League timu imasewera masewero 38, ndiye ikapunthwa mu August imakhala ndi miyezi yambiri yodzikonza. Mu NFL masewero ndi 17 basi, ndipo chisanafike chaka cha 2021 anali 16. Kugonja kuwiri ndi gawo lalikulu ndithu la sizoni. Koma kuchepa kwa masewero komweko ndi kumene kuyenera kutichenjeza, chifukwa masewero amodzi akhoza kutembenuka pa kuterereka kwa munthu mmodzi kapena mpira umodzi wodumpha molakwika, mu timu ya anthu 53.

Pali mlandu umodzi umene sindingauzembe. Mu 2015 Kam Chancellor ananyanyala ku Seattle Seahawks akadali ndi zaka zitatu pa kontirakiti. Pa masewero oyamba ndi St. Louis Rams, Dion Bailey amene analowa m'malo mwake anagwa yekha kumapeto kwenikweni, Lance Kendricks n'kugoletsa mfulu, ndipo Seattle inakagonja 34-31 m'nthawi yoonjezera. Apa mzere wochokera pa mpando wopanda mwini kukafika pa kugonja ukuoneka bwino lomwe. Sabata yotsatira anagonjanso ku Green Bay. Eni timu sanasunthe ngakhale pang'ono, ndipo Chancellor anabwerera chimanjamanja. Seattle inamaliza ndi 10-6 n'kulowa m'ndime ya chipulula. Kunyanyala kunapweteka timu, inde, koma sikunaiphe, ndipo amene anataya ndalama ndi iye.

Chimene chimandivuta kwambiri si masamu a zigoli ayi, koma mawu amene masapota amakonda akuti munthu akasaina kontirakiti ailemekeze. Mawuwa amamveka aulemu, ngati malangizo a agogo. Vuto ndi lakuti mu NFL makontirakiti ambiri samanga mbali zonse mofanana. Mukamva kuti wina wasaina zaka zisanu za madola 100 miliyoni, ndalama zimene ali nazo zenizeni ndi gawo lokhalo limene lalembedwa kuti n'lotsimikizika. Zotsalazo timu ikhoza kuzifafaniza tsiku lililonse pomuchotsa, akakalamba, akavulala, kapena ikapeza mnyamata wotchipa. Izi zimachitika mwezi wa March uliwonse ndipo palibe amene amati eni timu ndi osakhulupirika. Amati ndi bizinesi. Wosewera akachita zofanana, kunena kuti mtengo wanga wasintha ndiye tikambiranenso, pamenepo ndi pamene mawu a ulemu ndi kukhulupirika amatulukira.

Onjezanipo momwe mnyamata amalowera mu ligiyi. Sasankha yekha timu, amasankhidwa pa draft. Kuyambira 2011 malipiro a ongolowa kumene anaikidwiratu malire, ndipo kontirakiti yoyamba ndi ya zaka zinayi. Ngati anasankhidwa m'chigawo choyamba, timu ili ndi ufulu womuonjezera chaka chachisanu. Zikatha izo, ikhozanso kumumanga ndi chimene amati franchise tag, mgwirizano wa chaka chimodzi umene umamuletsa kupita kumsika, ndipo ikhoza kubwereza chaka chotsatira. Munthu akhoza kufika zaka zisanu ndi ziwiri akusewera asanamve n'kamodzi komwe kuti matimu ena angamulipire zingati. M'masewero amene mawondo ndi khosi zimatha msanga, zaka zimenezo kwa ambiri ndi ntchito yonse. Chida chokha chimene wamutsalira ndi kusabwera. Nachonso anachifupikitsa: mgwirizano wa 2020 pakati pa ligi ndi bungwe la osewera unaika chindapusa cha madola 50,000 pa tsiku kwa wosewera wakale amene wajomba ku kampu, ndipo timu siloledwanso kumukhululukira ngongoleyo monga zinkachitikira kale. N'chifukwa chake masiku ano ambiri amafika ku kampu koma n'kumangoima pambali, monga anachitira T.J. Watt ku Pittsburgh mu 2021.

Amene akufuna kudziwa chimene osewerawa amaopa aone za Earl Thomas. Mu 2018 ananyanyala kampu ya Seattle akufuna kontirakiti yatsopano kapena kugulitsidwa, poti inali itatsala ya chaka chimodzi. Sanapatsidwe chilichonse. Anabwerera kutatsala masiku ochepa, anasewera bwino kwabasi, ndipo pa masewero achinayi ku Arizona anathyoka mwendo. Akumutulutsa pa kangolo anakwezera chala chachipongwe kumbali ya benchi ya timu yake yomwe. Chinali chamwano, sindikana, koma chimene amachenjeza mwezi wonse chinali chitangochitika anthu onse akuona. Chancellor naye, atapeza kontirakiti yatsopano mu August 2017, anavulala khosi mu November chaka chomwecho ndipo sanasewerenso. Chimene chinamuteteza ndi ndalama zotsimikizika zomwe zija amalimbira.

Sikuti wonyanyala aliyense amawerengera bwino. Le'Veon Bell anagwira mpira ka 406 mu sizoni ya 2017, katundu wolemetsa thupi la munthu aliyense, ndipo Pittsburgh Steelers itamuika pa franchise tag kachiwiri, ya madola 14.5 miliyoni, anakana kusaina n'kukhala chaka chonse cha 2018 osasewera. Anzake ena, monga Maurkice Pouncey ndi Ramon Foster, anamudzudzula poyera, chinthu chosachitikachitika pakati pa osewera. Mkwiyo wawo unali ndi chifukwa: ligi imaika malire a ndalama zimene timu ingalipire osewera onse pamodzi, mu 2024 anali madola 255.4 miliyoni, ndiye chimene wina watenga chochuluka chimachepetsa mbale ya mnzake. Koma tsatirani sizoniyo bwinobwino. Pa masewero anayi oyamba Steelers inapambana amodzi okha, inagonja awiri n'kulepherana ndi Cleveland 21-21, ndipo dzina la Bell linali pakamwa pa aliyense. Kenako inapambana masewero asanu ndi amodzi motsatizana, Bell kulibe, James Conner akuthamanga ngati palibe amene wachoka. Pamapeto inagwa n'kulephera kulowa m'chipulula. Kodi Bell tim'patse mlandu wa gawo liti? Iye anasaina ku New York Jets zaka zinayi za madola 52.5 miliyoni, sanaonekenso ngati Bell wakale, ndipo anachotsedwa mu October 2020. Ine ndimaona kuti anataya zambiri kuposa zimene anapeza, komanso anaphunzitsa eni matimu onse kuti wothamanga ndi mpira ndi wosavuta kulowetsa wina m'malo mwake, phunziro limene anzake a malo amenewo akulilipirabe.

Mtengo weniweni wa wosewera umaoneka sizoni yonse ikatha. Oakland Raiders inatopa ndi kunyanyala kwa Khalil Mack n'kumugulitsa ku Chicago Bears kutatsala sabata imodzi kuti sizoni ya 2018 iyambe. Mack, amene sanaponde ku kampu, anasokoneza Green Bay pa masewero ake oyamba mpaka kulanda mpira n'kugoletsa yekha, komabe Bears inagonja 24-23. Woweruza ndi sabata yoyamba akanati Chicago yataya ndalama. Pofika December, Mack yekha anali ndi ma sack 12.5, kutanthauza kugwetsa woponya mpira asanauponye, pomwe timu yonse ya Raiders inali ndi 13. Chicago inamaliza ndi 12-4, Oakland ndi 4-12.

Jerry Jones akadali mwini wa Cowboys, ndipo mu 2025 anakumananso ndi mkangano ngati wa 1993, ulendo uno ndi Micah Parsons, amene anafika ku kampu koma osachita nawo zokonzekera mpaka anapempha poyera kuti agulitsidwe. Jones sanadikire kuti aone zigoli za September. Kumapeto kwa August anamutumiza ku Green Bay Packers posinthana ndi Kenny Clark komanso mwayi wosankha kawiri m'chigawo choyamba cha draft, ndipo Packers inapatsa Parsons zaka zinayi za madola 188 miliyoni. Patangotha mwezi matimu awiriwa anakumana ku Dallas, mawayilesi atalengeza sabata yonse kuti usiku umenewo udziwitsa amene anali wolondola pakati pa Jones ndi Parsons. Kwathu kuno kunali kukucha pamene masewerowo amatha, ndipo anathera 40-40.